Galimoto yaphwanyika, m'thumba mwachepa: tsikani, musachite manyazi

Anzanga, lero ndinenepo zanga pa nkhani ya munthu amene galimoto yake yaphwanyika pa ngozi, iye wapulumuka, koma ndalama zogulira ina n'zoperewera. Ena simugwirizana nane, palibe kanthu, tikambirana.

Ine ndimaona kuti chimene chimamaliza anthu pa nthawi imeneyi ndi manyazi. Munthu anazolowera galimoto yaikulu, kuntchito ndi kwa achibale amamudziwa ndi galimoto imeneyo, ndiye ikapita amafuna pasanathe mwezi aoneke ali mu ina yofanana nayo, kuopa kuti anthu azinena kuti wagwa. Ndalama zake zikanakwanira kagalimoto kakang'ono kabwinobwino, koma iye amakatenga yaikulu yotopa, yoti mwini wake akuithawa. Posakhalitsa yagona kugalaja kudikira sipeya, mwini wake wabwereranso kuyenda pansi, pano ali ndi ngongole pamwamba. Ndiye ine ndikuti tsikani. Gulani yotsika kuposa imene munali nayo, ndipo musathere ndalama zonse pa tsiku logula.

Koma tiyambe ndi yophwanyikayo, poti ambiri amaitaya mtima ngati ilibenso mtengo. Ngati munali ndi inshuwalansi ya third party yokha, imeneyo imalipira anthu amene mwawavulaza kapena kuwaonongera katundu, galimoto yanu siiwerengedwa. Chiyembekezo chanu chili pa inshuwalansi ya amene munagundana nayeyo ngati wolakwa anali iyeyo, n'chifukwa chake lipoti la apolisi ndi zithunzi za pamalo a ngozi muzisunge bwino. Ngati munali ndi comprehensive akulipirani, koma kawirikawiri si ndalama imene munagulira ayi. Amaona mtengo umene galimotoyo ikanagulitsidwa pa nthawi ya ngoziyo, n'kuchotsapo gawo lija amati excess, limene limakhala loti mulipire nokha. Akaona kuti kukonza kudya ndalama zoyandikira kapena zoposa mtengo wa galimotoyo, amangoti ndi write-off, kutanthauza kuti saikonzanso, angokupatsani ndalama. Ndalama yoyamba imene angakuuzeni musaivomere mwaphuma. Fufuzani magalimoto a mtundu womwewo, chaka chomwecho, oyenda mtunda wofanana, muone akugulitsidwa bwanji, mutengenso malisiti a matayala atsopano kapena ntchito yaikulu imene munakonzetsa posachedwa, mupite nazo mukakambirane. Ndipo inu amene munaitenga pa ngongole, ngongole siiphwanyikira limodzi ndi galimoto. Okongoza amayamba ndi iwo kutenga zawo, inu mutola zotsala, ngati zatsala n'komwe.

Amene galimoto yatsala m'manja mwanu, musaisiye pamalo pamene akukuwerengerani ndalama yosungira tsiku ndi tsiku. Injini, giyabokosi, zitseko zimene sizinakhudzidwe, nyale, marimu, kompyuta ya injini, zonsezi ndi ndalama. Kugulitsa chimodzichimodzi kumabweretsa zambiri koma kumafuna nthawi ndi malo; kugulitsa yonse kamodzi n'kwachangu koma ogula amadziwa kuti mwapanikizika.

Nanga osangoikonza bwanji? Ngati chaonongeka ndi bampala, chitseko kapena nyale, konzani ndithu, galimoto imene mukuidziwa matenda ake ndi yabwino kuposa yachilendo. Koma ngati mafupa ake apindika, pamenepo ndimakana. Magalimoto ang'onoang'ono ambiri a masiku ano alibe chassis yapayokha ngati malole. Bodi yomweyo ndi imene imanyamula zonse, ndipo kutsogolo ndi kumbuyo anakupanga kuti kuzifwanyika pa ngozi, mphamvu ya kugundako ithere m'zitsulo isanafike kwa anthu. Ntchito imeneyi chitsulo chimaigwira bwino kamodzi. Mukachiwongola ndi moto ndi nyundo chimaoneka bwino, koma pa ngozi yachiwiri sichingakutetezeni chimodzimodzi. Ma airbag, matumba a mpweya aja otchinjiriza anthu pa ngozi, akaphulika safuna kusokedwa, amafuna atsopano, ndipo malamba a pampando amene anakoka pa ngoziyo nawonso amasinthidwa. Ngakhale kampando ka mwana kamene kanali m'galimoto pa ngozi yaikulu sikoyenera kukagwiritsanso ntchito.

Tsopano pogula. Lamulo langa n'losavuta: ngati muli ndi 100, funani galimoto ya 75 kapena 80. Zotsalazo zili kale ndi ntchito: kusintha umwini, inshuwalansi, oyilo ndi mafyuluta, mwina batire, mabuleki ndi matayala. Galimoto yakale iliyonse imabwera ndi zofuna zake mwezi woyamba womwewo, ngakhale wogulitsa alumbire kuti "ingothirani mafuta muzipita".

Sankhani mtundu umene wadzaza pamsewu kumene mukukhala. Ndikudziwa, ena mumati galimoto yoti aliyense ali nayo siipatsa ulemu. Koma taganizani, Toyota Corolla inayamba kupangidwa mu 1966 ndipo pofika 2021 anali atagulitsa zoposa 50 miliyoni. Galimoto yochuluka chonchi makaniko aliyense anaitsegulapo, ndipo sipeya wake, watsopano ndi wakale yemwe, savuta. Sindikuti nonse mugule Corolla, ndikuti muyang'ane chimene chachuluka kwanuko. Galimoto yapamwamba imene yatsika mtengo chifukwa cha ukalamba, masipeya ake satsika nawo, amakhalabe a anthu olemera. Musanapereke ndalama, funsani mtengo wa mashoko, pampu ya mafuta ndi nyale imodzi yakutsogolo ya galimoto imeneyo. Mayankho ake akuuzani ngati ili ya msinkhu wanu.

Pokaiona mupite masana, ndi makaniko wanu, osati amene wakupezerani wogulitsa. Kumulipira makaniko tsiku limenelo musakuone ngati kutaya ndalama. Muuzeni wogulitsa kuti asailize inu musanafike, ndipo mukafika gwirani boneti mumve ngati yatentha, chifukwa injini yodwala imabisa zambiri ikatenthedwa kale. Ikalira, yang'anani utsi. Wabuluu ndiye kuti ikudya oyilo. Wakuda, ikumwa mafuta mopitirira muyeso. Woyera wambiri wosatha ngakhale injini itatentha, madzi akulowa mosayenera, ndipo nthawi zambiri ndi gasiketi ya hedi. Tsegulani chotsekera oyilo. Mukapeza zoyererako ngati mkaka, funsani mafunso ambiri. Mukatembenuza kiyi, nyale za padashibodi, makamaka ya injini, ya mabuleki imene amati ABS ndi ya airbag, ziyake kaye kenako zizime injini ikalira. Imene siikuyaka n'komwe, mwina wina anaithimitsa dala kuti ibise vuto. Magalimoto ambiri opangidwa kuchokera chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ali ndi pobayira kamakina kowerenga matenda a injini, kamene amati OBD, pansi pa chiwongolero. Makaniko abaye, n'zamphindi zochepa.

Penti yonyezimira isakutengeni mtima, akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Inu mwangochoka kumene pa ngozi, musakagule ngozi ya munthu wina yopakidwa penti. Onani mipata ya pakati pa zitseko, boneti ndi bodi ngati ili yofanana mbali zonse. Onani ngati mtundu wa penti ukusiyana chitseko ndi chitseko. Kamaginito kakang'ono kamakana kumata pamene anamatapo phala lambiri lobisira zopindika, bola bodiyo ikhale yachitsulo. Tukulani kapeti ndi malo a tayala la sipeya: matope ouma, dzimbiri ndi fungo la chinyontho zimasonyeza galimoto imene inamirapo m'madzi, ndipo yotereyo mawaya ake adzakuvutitsani mpaka kale. Matayala akadyeka mbali imodzi, mwina ndi alayimenti chabe, mwinanso galimoto inapindika. Pambali pa tayala pamakhala manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa: 2319 ndiye kuti sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Tayala lokalamba limauma ndi kung'aluka ngakhale mapazi ake akuoneka.

Makilomita olembedwa padashibodi ine sindiwakhulupirira okha, amabwezedwa. Yerekezani ndi mmene chiwongolero, mapedulo ndi mpando wa dalaivala zathera. Funsaninso ngati injiniyo imayendera lamba wa timing kapena tcheni, ndipo ngati ndi lamba, anasinthidwa liti. Pa injini zambiri lamba ameneyu akaduka muli paulendo, mapisitoni amagunda mavavu, injini n'kutheratu. Ngati palibe umboni woti anasinthidwa, muwerengereni pa ndalama zija munasunga.

Mapepala ndiye musanyengerere. Nambala ya chassis, imene pa magalimoto ambiri imakhala ya zilembo ndi manambala 17, ifanane pagalimoto ndi pamapepala, ndipo pamene inadindidwa pasaoneke popalidwa kapena powotcherera. Dzina la pamapepala likhale la amene akukugulitsaniyo, kapena aonetse chilolezo cha mwini wake. Fufuzani ngati galimotoyo ilibe ngongole kwinakwake. Wogulitsa wonena kuti "perekani kaye pang'ono, pali wina akubwera madzulo", musiyeni agulitse kwa wa madzuloyo.

Za ngongole, sindinena kuti n'zoletsedwa, ena galimoto ndiye ntchito yawo ndipo tsiku lililonse ili chiimire ndi njala pakhomo. Koma musamangomva ndalama yobweza pamwezi. Funsani kuti pomaliza mudzakhala mutabweza zingati zonse pamodzi ndi chiwongoladzanja. Ngongole ya zaka zambiri pa galimoto yokalamba imatha kukusiyani mukulipirabe chinthu chimene chinafa kale. Ya katapila ndiye ayi ndithu. Ngati galimoto yanu inali yongopitira kuntchito ndi kubwerera, kwerani basi miyezi ingapo, muphatikize za inshuwalansi, za masipeya mwagulitsa ndi zimene mukanathira mafuta, kenako muzikasaka muli ndi mphamvu yokana. Wogula amene angathe kutembenuka n'kumapita ndi amene wogulitsa amamuitananso kuti abwere akambirane mtengo.