Hot dog yozizira musatigulitse, ndalama yathu si yotola

Ndakwiya, ndipo sindibisa. Loweruka lapitali ndinagulitsidwa hot dog yozizira pa kamalo kena kodyera ku Rosettenville, kwa Mmalawi mnzanga, ndipo mpaka lero mtima wanga sunakhale pansi.

Amene mumandidziwa mukudziwa kuti ine ndimakonda kulawa ma hot dog m'timalo ting'onoting'ono ta muno mu Joni. Ndikaweruka kuntchito n'kutsika takisi pa Bree kapena pa Noord, sindithamangira malo akuluakulu a magalasi aja. Ndimalowa pa kakona, kwa munthu amene ali ndi tebulo limodzi ndi mipando itatu, chifukwa ndimafuna ndalama yanga ipite m'thumba la munthu wovutika ngati ine. Ndadya ku Mayfair kwa anzathu Achisilamu, kumene soseji yake imakhala ya nkhuku kapena ya ng'ombe. Ndadya ku Yeoville mu Rockey Street, ku Jeppe, ku Turffontein, ngakhale pafupi ndi Park Station podikira basi yochokera kumudzi. Ena amakazinga vienna mpaka khungu lake kung'aluka, ena amaika russian yonenepa ija, ena boerewors yowotcha pa makala n'kuthirapo anyezi wokazinga ndi chakalaka. Kukoma kumasiyana, sindikana. Wina amachulutsa tsabola, wina banzi lake limakhala louma pang'ono. Zonsezo ndimakhululuka. Chimodzi chokha chimene sindingakhululuke ndi kundipatsa nyama yozizira.

Tsiku limenelo ndinali ndi mayi a kunyumba, amene panopa ndi oyembekezera, mimba ya miyezi 6. Tinachokera kokagula tizovala ta mwana, dzuwa litatiwotcha, iwo n'kunena kuti njala yawagwira. Tinaona kamalo kooneka bwino, mwini wake akuyankhula Chichewa pa foni. Mtima unasangalala. Tinapatsana moni, tinafunsana za kumudzi, ndinaitanitsa ziwiri, R25 iliyonse. Mkuluyo anavundukula poto. M'katimo munali madzi otuwa, mafuta atayandama pamwamba, nthunzi palibe ngakhale pang'ono. Sitovu ya gasi inali yozima. Anavuula ma vienna awiri m'madzi amenewo, kuwaponya m'mabanzi, kuthira tomato sosi, basi watipatsa.

Ndinaluma yanga. Pakati pake panali pozizira ngati mwala wa mumtsinje m'mwezi wa June, kunja kwake kuli lendalenda. Ndinalanda ya mayi asanaifikitse pakamwa.

Ndinanena mwaulemu ndithu: "Achimwene, iyi ndi yozizira, tatenthetsaniko."

Mukudziwa yankho lake? "Aaa madala, ya R25 yomweyi? Ingodyani basi. Tonse ndife a kumudzi, tizimvetsetsana."

Mawu amenewa ndi amene andiwawa kuposa soseji yozizirayo. Ya R25 yomweyi! Kodi R25 imagwa kuchokera kumwamba? Ine R25 ndimaipeza nditadzuka mbandakucha, nditaima pamzere wa takisi mphepo ikuomba, nditawerama tsiku lonse m'munda wa bwana. Ndi thukuta langa limenelo. Munthu akakupatsa thukuta lake, umamupatsa chakudya chotentha. Palibenso nkhani ina apa.

Dzina lenilenilo lakuti hot dog likunena kutentha. Inu ogulitsa mwalemba nokha pa chikwangwani ndi dzanja lanu, sitinakukakamizeni. Ngati simukufuna kuyatsa moto, fufutani dzinalo, mulembe kuti mukugulitsa soseji ya m'madzi a dzulo, tione ngati pali amene aime. Koma kulemba kuti n'chotentha, kulandira ndalama ya chinthu chotentha, kenako kupereka chozizira, kumeneko ndi kuba. Ndikunena mosapsatira, ndi kuba.

Ndikudziwa, gasi wakwera mtengo, magetsi amavuta, lendi ya mu Joni ndi yoluma. Tonse tikudziwa. Koma zimenezo si chifukwa chodyetsera mkazi wanga nyama yogona m'madzi ofunda.

Kapena mwaiwala zimene zinachitika m'dziko lomwe lino? Ine sindinaiwale, ndinali kuno. Mu 2017 ndi 2018 kunagwa matenda a listeriosis, oyamba ndi kachilombo ka listeria kopezeka m'zakudya, anthu oposa 1,000 anadwala, oposa 200 anamwalira, ndipo ambiri mwa odwalawo anali a muno mu Gauteng. Bungwe la WHO linanena kuti mliri wa listeriosis waukulu chotere unali usanaonekepo pa dziko lonse. Ana a pa sukulu ya mkaka ku Soweto anadwala atadya polony, anathamangira nawo ku chipatala cha Baragwanath, ndipo pamenepo ndi pamene ofufuza anapeza poyambira. Pa 4 March 2018 nduna ya zaumoyo ya nthawi imeneyo, Aaron Motsoaledi, inalengeza kuti gwero lake ndi fakitale ya nyama ku Polokwane, ndipo inachenjeza anthu za polony, ma vienna, ma russian, nyama zonse zokonzeratu izi. Mashelefu anakhala opanda kanthu. Ogulitsa kota, buledi woikamo polony ndi tchipisi uja, ku Soweto ndi ku Tembisa analira. Amene anavutika kwambiri ndi ndani? Amayi oyembekezera ndi makanda. Kachilombo kameneka mayi amatha kungomva ngati chimfine, koma mwana m'mimba n'kupita.

Ndiye munthu akuona ndi maso ake kuti mayi amene waima patsogolo pake ali ndi pakati, n'kumupatsa vienna yozizira, n'kunena kuti ingodyani basi. Inu mukanamva bwanji?

Kachilombo ka listeria sikaopa fuliji, kamaswana ngakhale m'malo ozizira. Chimene chimakapha ndi moto. Malangizo a zaumoyo ndi osavuta: chakudya chiphikidwe mpaka kufika madigiri 70, chikapsa chizisungidwa chotentha kupitirira madigiri 60, ndipo chisakhale pamtunda kupitirira maola 2. Simukusowa makina oyezera kuti mudziwe zimenezi. Mukavundukula poto nthunzi izikumenyani kumaso. Ngati mungathe kuviika chala m'madzimo osapsa, ndiye kuti mwasandutsa poto wanu khola loweteramo tizilombo. Madzi ofunda aja, osatentha osazizira, ndi amene tizilombo timakonda kuposa china chilichonse. Soseji yalowa m'mawa, yagona m'menemo masana onse, yotsala mawa ibwereranso m'madzi omwewo. Mukufuna kupha anthu?

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mwini malo uja akatseka kamalo kake amakagona tulo tabwino. Amene akadzuke pakati pa usiku ndi ine. Amene akaime pamzere wa ku kiliniki kuyambira m'mawa, akufunsidwa mapepala ndi maso oipa, ndi mkazi wanga. Amene ajombe kuntchito n'kudulidwa malipiro a tsiku ndi ine. Iye wasunga gasi wa mphindi zitatu, ine ndilipire ndi thupi la banja langa?

Ndipo izi zoti tonse ndife a kumudzi zandikwana. Ukumudzi si chophimbira ulesi. Ukumudzi si chotsekera munthu pakamwa. Ngati ndine m'bale wako, ndiye uyenera kundipatsa yotentha kwambiri, osati kundiponyera yozizira podziwa kuti sindikakunenera kulikonse. Akanalowa Mzulu kapena Msotho pamenepo, mkulu uja akanayerekeza kuyankha choncho? Ayi ndithu. Akanathamanga kuyatsa moto, akanapepesa mpaka kuwonjezera tchipisi. Koma poti ndi Mmalawi mnzake, wofatsa, wamantha, wosafuna phokoso m'dziko la eni, basi adye chilichonse. Amati chibale ndi fupa sichiola. Inde sichiola, koma soseji imaola, achimwene.

Kodi kwathu tinaphunzira zimenezi? Kumbukirani pa chiwaya ku Ndirande, ku Limbe, pa depoti ya Lilongwe, pa Jenda. Mnyamata wa pa chiwaya alibe fuliji, alibe gasi, alibe magetsi. Ali ndi nkhuni, mafuta ndi chitsulo chake. Koma ukaloza tchipisi amayamba wakankhira m'mafuta owira, kutembenuza, kenako kukukokera kumbali kuti udye. Ukaloza nthuli ya mbuzi, imabwerera pamoto kaye. Wa kanyenya naye chimodzimodzi, sakupatsa nyama isanalire pa makala. Ngakhale mayi wogulitsa chimanga chowotcha m'mbali mwa msewu amachibwezera pa mbaula ukanena kuti chazizira. Palibe amene amakufunsa kuti cha ndalama zochepa chomwechi? Anthu osauka kuposa ife amadziwa kuti chakudya chogulitsa chimaperekedwa chotentha. Ndiye tawoloka Mwanza, tadutsa Tete, Nyamapanda, Beitbridge, kudzafika kuno n'kuiwala kuyatsa moto?

Kutchipa si tchimo la wogula. Mtengo munaika ndinu. Ngati R25 sikukwanira gasi, nenani R28, tidzalipira kapena tidzapita kwina, koma tidzadziwa chimene tikugula. Musatsitse mtengo n'kutsitsanso ulemu wathu. Wolemera akadya ku Sandton chakudya chikabwera chozizira amachibweza, ndipo amamupepesa. Wosauka akabweza akuti ndi wamatama. Mimba ya wosauka ndi ya wolemera n'chimodzimodzi, tizilombo sitifunsa kuti walipira zingati.

Ndipo ganizani nthawi imene tikukhalamo. Mu October 2024 ana 6 anamwalira ku Naledi, ku Soweto. Kumeneko sanali ma hot dog, anali mankhwala ophera tizilombo otchedwa terbufos, koma mkwiyo wonse unagwera pa timashopu ta alendo. Mwezi wotsatira Pulezidenti Ramaphosa analamula kuti timashopu tonse ta spaza ndi malo ogulitsa zakudya alembetse ku makhonsolo m'masiku 21. Tonse tinaona oyendera malo akulowa shopu ndi shopu, tinaona malo akutsekedwa, tinaona anthu akuloza zala aliyense woyankhula chilankhulo chachilendo. Maso onse ali pa ife. Tsiku limene mwana wa eni dziko adzadwale ndi soseji ya m'poto ngati uja, sadzanena kuti ndi mkulu wakutiwakuti wa ku Rosettenville. Adzati Amalawi. Adzavutika ndi mayi uja wa ku Turffontein amene amadzuka usiku kutsuka miphika yake mpaka kuwala, amene hot dog yake imakuwotcha zala kudzera m'pepala. Nsomba ikaola imodzi zonse zaola.

Ndikudziwa ena mubwera kudzandiuza kuti ndikuphera m'bale bizinesi. Sindinatchule dzina lake, sindinatchule msewu, ndipo sinditchula. Akawerenga adzizindikira yekha. Koma musandiuze kuti ndikhale chete. Kukhala chete kwathu ndi kumene kwawazoloweza anthu amenewa. Timaluma, timamva kuzizira, timameza, timapereka ndalama, n'kunenanso zikomo. Tikatuluka ndiye tiyambe kung'ung'udza panjira. Ayi. Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako. Mukagula hot dog, yang'anani poto. Mulibe nthunzi, musalandire. Mwaluma mwapeza pakati pozizira, bwezani pomwepo, maso ndi maso, ngakhale wogulitsayo akhale wa m'mudzi mwanu, wa mpingo wanu, mwana wa amalume anu enieni. Makamaka inu amene muli ndi amayi oyembekezera, ana aang'ono, okalamba kapena odwala m'nyumba, musachite manyazi ndi munthu amene sakuchita manyazi ndi inu.

Ine ndinabweza zonse ziwiri. Ndinati ndalama yanga ibwere. Anazengereza, anang'ung'udza kuti mabanzi awonongeka, kenako anaiponya pa tebulo ngati akupatsa wopemphetsa. Mayi anandigwira mkono kuti tizipita. Tinayenda pang'ono, tinapeza mnyamata wina akuwotcha boerewors panja pa butchala, utsi uli tolotolo, mafuta akudontha pa makala. Anaitembenuza pamaso pathu, anaidula kutionetsa kuti yapsa mpaka m'kati, banzi analifunditsa pambali pa moto. Mnyamata wamng'ono, alibe denga, alibe mpando, koma akudziwa ntchito yake. Ndiye wina wa denga ndi chikwangwani alephere bwanji?

Moto basi. Sitikupempha mbale za galasi, sitikupempha nsalu pa tebulo, sitikupempha soseji ya mtengo wapatali. Tikupempha kuti chimene mwatcha chotentha chikhale chotentha.

Ndipo poti ndayamba kale, nanga za manja izi? Dzanja lomwelo lalandira R50 yakuda bii imene yayenda m'matakisi onse a Joni, lomwelo lapereka chenji, lomwelo lakanda m'mutu, lomwelo lagwira foni, lomwelo likung'amba banzi langa ndi chala. Chopanira chilipo, chapachikidwa pa msomali ngati chokongoletsera. Ena mwavala magolovesi, inde, koma golovesi imodzi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kugwirira ndalama ndi nyama yomwe, yasiyana pati ndi dzanja? Botolo la tomato sosi nalo mwathiramo madzi mpaka likuyenderera ngati juwisi, kukamwa kwake kwauma zakudazakuda, ntchentche zikusinthana pamenepo. Madzi a pampopi ali pomwepo, sopo wa R10 akukulepherani?