Munthu akathetsa walanti ya galimoto, mubwezereni ndalama yake msanga

Ogulitsa magalimoto kuno ku Mzuzu, uthengawu ndi wanu, koma ogula nawonso amve. Ena mwa inu mwayamba kugulitsa walanti yowonjezera: munthu amalipira ndalama ina pamwamba pa mtengo wa galimoto, inu n'kulonjeza kuti injini kapena giyabokosi ikavuta m'chaka chimodzi kapena ziwiri mudzakonza. Ganizoli ine sindikulitsutsa. Magalimoto ambiri omwe tikuyendera ndi otsikira ku Japan, amadzera padoko la Dar es Salaam, n'kulowa pa Songwe, n'kukwera Chiweta asanatipeze kuno. Palibe amadziwa zomwe zili m'kati mwa giyabokosi ya Sienta kapena Nissan Note yomwe eni ake oyamba anaiyendetsa zaka zambiri. Munthu akafuna kudzitchinjiriza, akuchita bwino.

Chomwe chikundiwawa ndi nkhope yomwe mumaonetsa munthu yemweyo akabwera kudzanena kuti walanti ija waileka.

Alamu anga anagula Sienta yonyamula anthu pamsewu wa Nkhata Bay, ndipo walanti analipira. Patapita miyezi ingapo anazindikira kuti sevisi iliyonse ayenera kukachitira kugalaja yomwe wogulitsayo anasankha, ndipo galajayo ili ku Lilongwe, makilomita oposa 300 kuchokera kuno. Makaniko awo a ku Luwinga akangoigwira, walanti yafa. Ndiye taganizani, mafuta akusowa chonchi, munthu adutse Chikangawa yonse kuti akangosintha oyilo ndi mafyuluta? Anapita kukathetsa. Anauzidwa kuti abwana atuluka. Ulendo wina anati nkhaniyo ili kulikulu. Kenako anati ndalamayo sali nayo iwo, inapita kukampani ina yomwe papepala sinatchulidwe n'komwe. Pa tsiku logula aja anali "achimwene, khalani apa", koma tsopano foni yawo sinkayankhidwanso.

Kuchedwetsa kotereku si nkhani yaing'ono m'dziko muno. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Tonse tinaona momwe mitengo ya matayala ndi masipeya inakwerera. Ndalama yomwe mwamugwirira munthu kwa miyezi, ngakhale mudzaibweze yonse osachotsapo tambala, imakhala itachepa kale. Inu mwaigwiritsa ntchito kuitanitsira galimoto ina, iye wakhala akukongola yogulira mabuleki. Ngati walantiyo inalowa m'ngongole ya kubanki yogulira galimoto, ndiye kuti mwezi ndi mwezi akulipira chiwongoladzanja pa chinthu chomwe anachikana kale. Ine ndimati kumeneko n'kumudyera munthu masuku pamutu.

Sindikunena kuti wogula abwezeredwe zonse nthawi zonse. Ngati walanti inali ya miyezi 24 ndipo wakhala nayo miyezi 6, miyezi imeneyo chotsani, poti pa nthawiyo galimoto ikanafa mukanakonza ndinu. Ngati munamukonzera kale giyabokosi, nazonso ziwerengedwe. Ndalama ya mapepala chotsani, bola ikhale yomwe inalembedwa pa tsiku losaina, osati yotulukira m'mutu pa tsiku lothetsa. Wogula amene akufuna zonse atakonzeredwa kale galimoto, ameneyo sindili naye.

Nkhani ya alamu anga inatha atasiya kuyendera mapazi ndi kuimba foni, n'kuyamba kulemba. Analemba kalata yaifupi yonena tsiku lomwe anagula, nambala ya galimoto, ndalama yomwe analipira, tsiku lomwe akuthetsa ndi ndalama yomwe akuyembekezera. Anaikapo kope ya lisiti ndi ya mgwirizano, ndipo anaumirira kuti wolandira kalatayo asaine pa kope yawo ndi kudinda chidindo. M'kalatamo anapempha kuti auzidwe molemba dzina la amene akusunga ndalamayo, anapereka masiku 14, n'kunena poyera kuti akapanda kuyankhidwa akadandaula ku Competition and Fair Trading Commission (CFTC), bungwe la boma loona za chilungamo pa malonda. Abwana aja anapezeka. Anakhala pansi, anawerengera limodzi miyezi, ndalama yotsala inalowa kuakaunti.

Njira zimenezi zilipo ndipo ndi zathu. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la 2003. Bungwe la CFTC limalandira madandaulo a anthu pa malonda osalungama, ndipo lamulo latsopano la 2024 linalipatsa mphamvu zolipiritsa chindapusa. Ngati kuseri kwa walanti yanu kuli kampani ya inshulansi, dziwani kuti makampani amenewo amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, ndipo kumenekonso dandaulo limamveka. Zikakanika, khoti la majisitireti lili mumzinda momwe muno. Koma kulikonse komwe mungapite, funso loyamba lidzakhala lakuti pepala lili kuti. Mawu akuti "tinagwirizana pakamwa" sakufikitsani patali.

Anzanga ogula, pali chinthu china chomwe timathamangira, chomwe ine sindigwirizana nacho. Mtima ukapsa timafuna kuika chithunzi cha wogulitsa pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp n'kumutcha wakuba. Mkwiyowo ndikuumvetsa. Koma Mzuzu ndi waung'ono, munthuyo mawa mukumana naye pamaliro ku Zolozolo kapena kutchalitchi ku Katoto. Akanyozeka pagulu amauma mtima, ndipo nkhani imachoka pa ndalama yanu n'kukhala ya mbiri yake. Musaiwalenso kuti lamulo la 2016 loona za pa intaneti lamangitsa kale anthu chifukwa cha zomwe analemba. Mungathe kupita kukafuna ndalama yanu n'kupezeka kuti woyankha mlandu ndinu.

Pempho langa kwa ogulitsa ndi limodzi. Pa pepala la walanti pakhale ndime yolembedwa ndi zilembo zooneka, m'Chichewa kapena m'Chitumbuka kwa amene akufuna, yonena kuti wogula angathe kuthetsa, kuti mudzawerengera bwanji yobweza, mudzachotsa zingati, mudzabweza pasanathe masiku angati, komanso ndani akusunga ndalamayo. Galaja yochitira sevisi nayo itchulidwe munthu asanalipire, ndipo ikhale yofikirika kwa ife a kumpoto. Ine ndikamadzagula galimoto ina, ndidzawerenga ndime imeneyo ndili pampando wanu womwewo, ndipo ikadzasowa, galimoto ndidzatenga koma walantiyo ndidzakusiyirani.