Nyumba yakale ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique: mukugula chiyani, mukonza chiyani

Wa ku Mchinji, wa ku Chipata ndi wa ku Angónia amamvana chilankhulo bwinobwino, koma aliyense akati "ndagula nyumba" sakunena chinthu chimodzi. Kusiyanaku kuli pa pepala, ndipo pepalalo ndilo liyenera kukuuzani kuti muthire simenti yochuluka bwanji pamalopo.

Ku Mozambique nthaka ndi ya boma. Siigulitsidwa ndipo siikhala chikole ku banki. Lamulo la malo la 1997 limangopatsa munthu ufulu wogwiritsa ntchito malowo, umene amautcha DUAT. Chimene mumagula ndi nyumbayo, ndipo m'tauni DUAT imatsatira nyumba ikasintha mwini. Kugulako kumachitikira kwa notale, wogula amalipira msonkho wosinthira umwini wotchedwa SISA wa 2 peresenti, kenaka dzina limalembedwa ku ofesi ya kaundula wa nyumba, Conservatória do Registo Predial. Pali msampha wina wakale: mu 1976 boma linalanda nyumba zonse za lendi n'kuzipereka m'manja mwa APIE, bungwe loyang'anira nyumba za boma, ndipo litayamba kuzigulitsa kwa okhalamo, zinali za nzika zokha. Mlendo wofuna fulati yakale ku Beira kapena ku Maputo ayambe wafufuza mbiri yake.

Ku Zambia malo onse ali m'dzina la Pulezidenti, malinga ndi lamulo la 1995, ndipo umwini wamuyaya unathetsedwa mu 1975. Pepala lolimba ndi lizi ya zaka 99. M'makomboni ambiri a Lusaka munthu amakhala ndi chilolezo cha khonsolo cha zaka 30 chokha, ndipo nyumba ya pepala limeneli siifika mtengo wa ya lizi ngakhale muiike matailosi mpaka kukhonde. Msika wa nyumba zakale kumeneko unakula mu 1996 pamene boma la Chiluba linagulitsa nyumba za makhonsolo kwa okhalamo. Ambiri mwa ogulawo anamwalira, choncho wogulitsa lero nthawi zambiri ndi mwana kapena woyang'anira chuma chamasiye. Osalipira musanaone chikalata cha khoti chomupatsa mphamvu imeneyo, chilolezo cha boma chosinthira umwini, ndi umboni woti msonkho wa ZRA, bungwe lotolera misonkho, waperekedwa.

Ku Malawi eni malo m'tauni ndi ambiri: Unduna wa Zamalo, Malawi Housing Corporation, khonsolo, ndi mafumu m'mphepete mwa mzinda. Nyumba ziwiri zoyang'anizana zikhoza kukhala ndi mabwana osiyana. Kalata ya amfumu yokhala ndi chidindo ndi umboni woti munapereka ndalama, koma banki siilandira ngati chikole. Apa ndi pamene anthu ambiri amapsa: amamanga mpanda, kuika siling'i, kenaka n'kutulukira kuti poloti ili pamsewu wa pamapu kapena ili ndi ngongole ya zaka zambiri ya msonkho wa khonsolo. Pa mayiko atatuwa, pepala la ku Zambia ndilo losavuta kulimvetsa, la ku Mozambique lili ndi malire odziwika, la ku Malawi limafuna kuyenda maofesi ambiri.

Tibwere ku khoma. Nyumba zambiri zakale za ku Malawi ndi za njerwa zootcha zomangidwa ndi dothi, pulasitala yekha ndiye wa simenti, ndipo pansi palibe pepala lotchinga chinyezi. Chizindikiro ndi penti yofufuma ndi mchere woyera kuchokera pansi mpaka m'chiuno. Kupakanso penti n'kutaya ndalama. Gumulani pulasitala mpaka mita imodzi, kolopolani dothi la m'mizere ya njerwa kulowa masentimita awiri, lisiyeni khoma liume, kenaka pakani wina wa muyezo umodzi wa simenti pa miyezo isanu ya mchenga wosefa. Mukaonjeza simenti kwambiri pulasitala amauma gwa, amang'ambika, n'kusiyana ndi njerwa yofewa. Kunja thirani khonde la konkire lotambalala mita imodzi, lopendekera kutali ndi nyumba, kuti madzi a padenga asamakhale pamaziko. Ntchito imeneyi ndi ya August mpaka October, osati January. Kuyambira 2018 njerwa zootcha n'zoletsedwa pa zomanga za boma ndi zamalonda, choncho wofuna kuwonjezera nyumba zingapo za lendi pabwalo aganizire mabuloko.

Ku Lusaka buloko ya simenti ndiyo mwambo, ndipo vuto lake ndi lina. Thumba la makilogalamu 50 liyenera kutulutsa mabuloko a mainchesi 6 pafupifupi 30. Woumba wadyera amalikoka mpaka mabuloko azifumbutuka m'manja. Kandani buloko ndi msomali: ikayoyoka, isiyeni. Pa sikweya mita imodzi pamalowa mabuloko 12 ndi theka, ndipo yabwino imathiriridwa madzi masiku 7. Chachikulu kwambiri ndi cha pansi. Mzindawu uli pa mwala wa laimu wokhala ndi mapanga, madzi ali pafupi, ndipo zonyansa za sepitiki thanki zimayenda msanga kukafika pachitsime. Mamita 30 pakati pa ziwirizi ndiwo muyezo wochepetsetsa, ndipo poloti yaing'ono siiwakwanitsa. Nyumba zakale za khonsolo zambiri zili ndi denga la asibesitosi. Osalidula ndi gilayinda kapena kuliboola louma, fumbi lake limawononga mapapo.

Kugombe la Mozambique mdani ndi mchere ndi mphepo. Chitsulo cha m'konkire chikachita dzimbiri chimatupa n'kuthyola konkire ya pakhonde ndi pa nsanamira. Pokonza, semani mpaka kuseri kwa chitsulocho, chipaleni, ndipo chikwirireni ndi konkire yokhuthala masentimita 4 kapena 5. Mchenga wa kunyanja usayandikire. Namondwe Idai mu March 2019 anasasula madenga ku Beira, ndipo Freddy mu March 2023 anawononga Quelimane ndi Blantyre yemwe, choncho zomangira denga n'zofunika mbali zonse: linta yozungulira nyumba yonse, waya kapena lamba wachitsulo wozikidwa m'khoma masentimita 60 n'kukulunga phaso lililonse, ndi malata a geji 28. Nambala ikakwera lata limapyapyala. Geji 32 ndi ya khola la nkhuku. Zamagetsi musazigule mbali ina ya malire mosaona: soketi za ku Malawi ndi Zambia ndi za mano atatu amakona, za ku Mozambique ndi zozungulira.

Lendi imakwera pang'onopang'ono, zipangizo zimakwera tsiku limodzi. Kwacha ya Malawi itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, amene anali atasunga ndalama yokonzera nyumba ku banki anapeza kuti siikwaniranso denga. Malata, mapaipi, mawaya ndi matailosi gulirani limodzi n'kutsekera, chifukwa siziwola. Simenti yokha gulani ya sabata imeneyo: ikakhala miyezi itatu imayamba mibulu, ndipo yasanjikidwa pansi popanda matabwa siifika n'komwe pamenepo.