Agogo anga sanali oumira ayi

Dzulo ndimatsuka kajumbo ka shuga kuti ndisungiremo nyemba, mwana wanga nkumandiseka kuti amami mwayamba zaugogotu. Ndinangoti zii chifukwa sakunama, ndasanduka agogo anga aja a ku Lunzu ndendende kkkk.

Agogo amene aja sankataya kanthu. Chitini cha majarini chikatha chimasanduka kapu, chikabooka chimakhala chosungiramo mchere. Machesi analipo koma m'mawa amatituma ndi phale kukapala moto kwa aneba. Koloboyi amazimitsa tikangosamba m'manja, ati palafini si madzi a pachitsime. Ndalama amamanga pamfundo ya chitenje, ndiye kuti amasule mfundo imeneyo, mano ndi zikhadabo zonse pantchito, pena umangozisiya wekha zopempha switizo. Agogo aamuna nawonso mabatire a wailesi yawo ya Nzeru amachita kuwayanika padzuwa kuti amvereko nkhani pa MBC madzulo, mpaka mabatirewo atuluke madzi.

Ife timati ndi oumira, timawajeda ndithu kuseri kwa nkhokwe. Koma pano ndimaona kuti tinkawalakwira. Anthu amenewa anaona njala ya 1949 ndi maso awo, anagonapo ndi phala la gaga, ndiye munthu wotero ukamutayira mkute pamaso pake umakhala ngati wamutukwana.

Komanso kuumira konseko kumathera pa 25 Disembala. Tambala wamkulu uja amakhala wosakhudzidwa kuyambira nthawi yokolola, olo kubwere mlendo wochokera ku Joni amamuphera nkhuku ina. Mpunga umatuluka m'kathumba komwe sitimadziwa nkomwe kuti kali m'nyumbamo. Thobwa mbiya ziwiri, buledi wopaka majarini mbali imodzi, Fanta imodzi ana awiri, ndipo sitimapukuta pakamwa dala kuti anzathu aone milomo ya olenji. Zovala amakasoketsa kwa telala wa pakhonde, zazikulu mwadala kuti tikuliremo, diresi langa lina ndinavala Khirisimasi zitatu, yoyamba likukwekwa pansi. Nsapato timanyamula m'manja chifukwa cha matope, kukavalira pafupi ndi tchalitchi. Tikabwerako agogo amayala mphasa pansi pa mango, aliyense wodutsa panjira amaitanidwa, tiyeni kuno lero kulibe mlendo. Munthu yemweyo wowerenga timitengo ta machesi!

Maganizo anga ndi akuti ife a lero tinatembenuza zinthu. Chaka chonse timangomwaza, units apa, chips apo, ikafika Disembala tikutenga ngongole ku banki mkhonde kapena katapila kumene kuti tiwotche nyama geti ili yotseka, zithunzi pa status, kenako Januwale fizi ya ana mutu uli gwa. Sindikunena munthu, ndikudzinena ndekha, chaka chatha ndinamaliza kubweza mu Epulo.

Sikuti zonse amachita bwino ayi, pena amapyoza nazo. Atamwalira tinatsegula sutikesi yawo yachitsulo ija, tinapezamo mbale zatsopano zosadyeramo olo kamodzi, zitenje zitatu zosachapa nkomwe, ndi kampukutu ka ndalama za nkhope ya Kamuzu zoti zinasiya kale kugwira ntchito, atakamanga bwinobwino ndi ulusi wa thumba la feteleza. Amayi anaseka mpaka kulira. Mbale ziwiri ndinatenga ine, ndipo nanenso sindinadyeremo mpaka pano, zili mukabati.