Piyano imodzi ya Cyrus Chestnut ikundikwanira

Abale anga, pali chimbale chimene ndikufuna muchimve, makamaka inu oimba limba m'matchalitchi. Dzina lake ndi Blessed Quietness, cha Cyrus Chestnut, ndipo chinatuluka mu 1996 pansi pa kampani ya Atlantic. Mulibe ng'oma, mulibe besi, mulibe woimba pakamwa. Munthu mmodzi anakhala pa piyano m'situdiyo nkuimba nyimbo za m'buku la tchalitchi, nyimbo zauzimu zimene akapolo akuda a ku America anasiyira zidzukulu zawo, ndi zina za Khrisimasi. Kwa ine iyi ndi jazi yeniyeni, komanso ndi pemphero lenileni.

Ena mwayamba kale kupukusa mitu, ndikudziwa. Mukuti jazi ndi ya kumowa, nyimbo ya Mulungu iziimbidwa monga inalembedwera. Taonani kaye kumene munthuyu anachokera. Anabadwira ku Baltimore, mzinda wa ku America, mu 1963. Bambo ake ankaimba piyano kutchalitchi, mayi ake ankatsogolera kwaya, ndipo iye anayamba kuimbira mpingo wa Mount Calvary Star Baptist akadali kamwana. Sukulu za nyimbo zinabwera pambuyo, Peabody ali ndi zaka 9, kenako Berklee ku Boston kumene anamaliza mu 1985. Sanachite kupita kukabwereka nyimbo za tchalitchi kuti apeze msika wa Khrisimasi ayi. Anakulira mmenemo.

Chimene chimandigwira mtima ndi ulemu umene amaipatsa nyimbo. Amayamba kuiimba poyera, moti ukhoza kuitsatira ndi pakamwa. Ikakhazikika m'khutu, dzanja lamanzere limayamba kusintha makodi (mawu angapo a piyano ogundidwa pamodzi) pansi pake, nyimbo yomwe umaidziwa ija nkumveka yolemera kuposa kale. Pena amachedwetsa dala, ngati mpingo ukudikira gogo wotsogolera nyimbo kuti apume kaye. Pena amagunda mwamphamvu mpaka piyano kulira ngati ikufuna kusweka, kenako nkusiya mpata osakhudza kalikonse. Zala ali nazo zothamanga, wamvapo zimbale zake zina akudziwa, koma muno sazionetsera. Ngakhale apite kutali bwanji, sakutaya. Umadziwabe kuti ali pa ndime iti.

Mkangano woti zoterezi nzachikunja ndi wakale ndithu. Thomas A. Dorsey, amene ku America amamutcha tate wa nyimbo za gospel, poyamba ankaimba piyano ya blues pa dzina loti Georgia Tom, ndipo ankayenda ndi Ma Rainey, mayi wotchuka woimba blues. Atabweretsa kaimbidwe kameneko kutchalitchi, mipingo yambiri inamukana. Lero nyimbo zake zili m'mabuku a mipingo. Ku America jazi, blues ndi gospel zinayamwa bere limodzi, ndipo wofuna kuzilekanitsa ndiye ali ndi ntchito.

Palinso dzanja la Betty Carter, mayi wotchuka woimba jazi pakamwa, pa nkhaniyi. Chestnut anaimba m'gulu la mayiwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo mayiwa ankadziwika kuti safuna wachinyamata wongobwereza zimene ena anaimba kale. Ndikuganiza kuti kulimba mtima kotenga nyimbo yodziwika ndi aliyense nkuiyendetsa njira yakeyake anakukulitsira kumeneko.

Tsono nchifukwa chake ndatchula oimba limba. Zimandipweteka kuona achinyamata aluso m'matchalitchi mwathu akungodina batani la biti pa kiyibodi, makina nkumayendetsa mpingo wonse. Nyimbo ya maliro, ya chopereka, ya Mgonero, zonse biti imodzi, ndipo agogo akutsalira m'mbuyo chifukwa makina sadikira munthu. Sindikunyoza kiyibodi, mipingo yambiri piyano singaikwanitse. Koma kiyibodi yomweyo ili ndi mawu a piyano, ndipo biti imatheka kuzimitsa. Nyimbo zambiri za m'buku la Nyimbo za Mulungu ndi za mtundu womwewo umene Chestnut akuimba muno. Mvetserani mmene dzanja lake lamanzere likunyamulira nyimbo popanda ng'oma, mukayesere pa pulakatisi ya kwaya.

Pali pamene sindikhutira napo. Za Khrisimasi zija sizindifika pamtima monga zimachitira nyimbo za akapolo, zimene amaziimba ndi chisoni chomveka kuti nchapamtundu. Komanso chimbalechi nchodekha kwambiri, moti wofuna zogwedeza phewa atopa nacho msanga. Woteroyo ayambe ndi Revelation cha mu 1994, mmene Chestnut ali ndi Christopher Thomas pa besi ndi Clarence Penn pa ng'oma. Mmenemo liwiro lilipo lokwanira, ndipo tchalitchi cha ku Baltimore chija chikumvekabe m'makodi ake.