Sukulu payokha siichotsa mantha

Wolemba, mwanena kuti munthu akaphunzira amasiya kukhulupirira zinthu zopanda umboni. Pamenepo ndiye sindikugwirizana nanu.

Ine ndinaleredwa ndi agogo aakazi ku Mulanje. Kadzidzi akalira padenga usiku, agogo ankadzuka, kutenga chikuni chamoto n'kumuponyera, kwinaku akunong'ona kuti pakhomo pagwa maliro. Lero ndikudziwa bwino lomwe kuti mbalameyo imabwera kudzasaka makoswe a m'nkhokwe. Koma ndikamva kulira kwake, mtima umagunda kaye, nzeru zimabwera pambuyo. Zimene unayamwira sizichoka ndi satifiketi ayi.

Kumbukirani za anamapopa mu 2017. Ku Mulanje ndi Phalombe anthu ankagona panja m'magulu, misewu inatsekedwa ndi miyala, alendo osalakwa anaphedwa, mpaka a United Nations anachotsako antchito awo. Amene ankagona panjawo sanali osaphunzira okhaokha. Wina akadzuka ali wofooka ankati amupopa, chifukwa maso ake ankaona zimene makutu anali atamva kale.

Chimene chimandipweteka n'choti tili ana, kufunsa kuti "chifukwa chiyani?" kunali mwano. Ku Sande Sukulu ndinafunsa kuti Kaini anamupeza kuti mkazi, aphunzitsi anangonditsina khutu. Sindinafunsenso kwa zaka zambiri.

Ine ndimapempherabe, ndipo sindichita nazo manyazi. Koma mwana wanga akandifunsa funso lovuta la m'Baibulo, timakhala pansi, kutsegula ndimeyo n'kuiwerenga limodzi, ngakhale nsima izizire.