Nsanja zija zinali za belu, osati linga

Ukafika ku Glendalough, m'chigawo cha Wicklow ku Ireland, chimene chimakulonjera usanaone manda kapena mabwinja a matchalitchi ndi nsanja yozungulira yamiyala, yotalika mamita pafupifupi 30. Khomo lake lili m'mwamba, mamita oposa 3 kuchokera pansi. Nkhani imene alendo amakonda kuuzana ndi yoti ma Viking, achifwamba a panyanja ochokera kumpoto kwa Ulaya, akabwera, amonke okhala pamalopo ankakwera pamakwerero, n'kuwakokera m'kati, basi apulumuka.

Ine nkhani imeneyi sindiimvetsa ayi.

Taganizani. M'kati mwa nsanjayi munali zipinda zosanjikizana za matabwa, ndipo kumwamba kuli mawindo anayi. Mdani akangoponya moto pakhomo, utsi wonse ukwera ngati mu chumuni, inu muli momwemo. Ndipo zinachitikadi: m'chaka cha 950 ma Viking a ku Dublin anatentha nsanja ina yotere ya ku Slane, ku Ireland komweko, muli anthu, belu ndi ndodo ya woyera wa pamalopo. Ya ku Monasterboice inapsa mu 1097 pamodzi ndi mabuku ake. Inde anthu ankathawiramo zikavuta, monga mmene munthu amathawira paliponse mvula ikamupeza panjira, koma amisiri oganiza bwino sangamange msampha wotere n'kuutcha pobisalira.

Eni ake anatiuza kale dzina. M'chinenero chawo nsanjazi amazitcha cloigtheach, kutanthauza nyumba ya belu. Inali yoitanira anthu kumapemphero, komanso yodzionetsera kuti pano pali mpingo wolemera wokhala ndi mfumu kumbuyo kwake. Kudzitama pomanga sikunayambe lero.

Nanga khomo la m'mwambalo? Maziko a nsanjazi ndi osaya modabwitsa. Ya ku Kilmacduagh, yomwe ndi yaitali kuposa zonse, mamita oposa 30, maziko ake sakwana ndi mita imodzi yomwe, ndipo pano inapendekeka. Kuboola khomo pansi penipeni, pamene pakusenza miyala yonseyo, kukanakhala kufooketsa khoma. Mmisiri aliyense amene anamangapo thanki yamadzi angavomereze zimenezi.

Chimene chimandinyansa n'choti nthano ya ma Viking imawaonetsa amonkewa ngati anthu amantha okhaokha. Pomwepo ku Glendalough pali katchalitchi ka St Kevin, kofoleredwa ndi miyala, kokhala ndi kansanja kozungulira kotulukira padenga. Kameneka angabisalemo ndani?